Ululu Wokhalitsa: Kodi Makina a Ubongo ndi Masewera Olimbitsa Thupi Angakuthandizeni?

Phunziro ili ndi la inu abambo ndi amayi amene mumagwira ntchito m'migodi ya m'chigawo cha Manicaland, monga ku Penhalonga, ku Odzi ndi ku Marange. Ndi lanunso inu amene munasiya ntchito ya mumgodi ndipo mukukhala cha ku Feruka, ku Dangamvura kapena ku Sakubva mumzinda wa Mutare. Ambiri mwa inu munachokera ku Malawi, ku Tete kapena ku Chipata, ndipo ena munabadwira konkuno kwa makolo amene anabwera kalekale kudzafuna ntchito. Mukhoza kuwerenga nokha, koma ndi bwino kuwerenga pagulu, kuti amene sadziwa kuwerenga amve nawo.

Dandaulo limene azaumoyo amamva kawirikawiri ndi lakuti: "Ndapita kuchipatala katatu. Andijambula, anditenga magazi, koma akuti sanapeze kanthu. Nanga bwanji thupi likungondiphwanya chonchi?" Munthu wotereyu amayamba kujomba kuntchito. Kapitawo amamuona ngati waulesi. Kunyumba ndalama zimachepa, ndipo mukomboni mumayamba mphekesera zoti wina wamuchita chipongwe chifukwa cha nsanje. Phunziro lino likufotokoza zimene ofufuza apeza pa ululu wa mtundu umenewu, ndiponso zimene inu mungachite.

Kodi ululu wokhalitsa ndi chiyani?

Mukadzitema ndi fosholo kapena mwala ukakugwerani paphazi, mumamva kuwawa. Ululu umenewu ndi wothandiza, chifukwa umakuuzani kuti musamale malo ovulalawo. Bala likapola, ululu umatha.

Koma ululu ukapitirira miyezi 3, madokotala amautcha ululu wokhalitsa. Nthawi zina pamakhala chifukwa chooneka, monga mafupa operepeseka m'mawondo. Nthawi zina bala linapola kalekale, kapena panalibe bala n'komwe, koma ululu ulipobe. Kuyambira mu 2022, buku la mayina a matenda la bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limawerengera ululu wotere ngati matenda paokha. Bungwe lomweli linanena kuti mu 2020 anthu pafupifupi 619 miliyoni padziko lapansi ankavutika ndi msana. Choncho simuli nokha.

Mtundu umodzi wa ululu wokhalitsa umatchedwa fibromyalgia. Anthu ambiri akamafotokoza matendawa amangoti "nyamakazi" kapena "kuphwanya kwa thupi lonse". Wodwala amamva kuwawa kumanja ndi kumanzere komwe, kumtunda ndi kumunsi kwa thupi. Amadzuka m'mawa ali wotopa ngati sanagone. Amaiwalaiwala, ndipo maganizo sakhazikika. Ena mutu umawapweteka pafupipafupi, ena m'mimba mumawavuta. Munthu akangowagwira paphewa mwamphamvu pang'ono, amamva ngati awamenya.

Matendawa amagwira anthu 2 mpaka 4 mwa anthu 100 alionse. Amapezeka kwambiri mwa amayi, koma abambo nawonso amadwala, kungoti ambiri amachita manyazi kunena. Mu 1990 madokotala a ku America anakhazikitsa njira yopimira matendawa podina malo 18 a pathupi, ndipo malo 11 akapweteka ankati munthuyo ali ndi fibromyalgia. Mu 2010 njirayi inasinthidwa. Masiku ano dokotala amafunsa kuchuluka kwa malo opweteka, kutopa, tulo ndi kaganizidwe. Matendawa saoneka m'magazi kapena pa X-ray. Sapatsirana, sawononga mafupa, ndipo sapha.

Choyamba, kayezetseni

Musadzipime nokha. Munthu wa mumgodi ali ndi matenda ena amene amayamba ngati ululu wamba koma ndi oopsa. Chifuwa chachikulu cha TB chimatha kulowa m'mafupa a msana. Fumbi la miyala limaumitsa mapapo. Kachilombo ka HIV, matenda a shuga, mowa wambiri ndi mankhwala ena a TB zimatha kuwononga mitsempha ya kumapazi, ndipo munthu amamva kuotcha kapena dzanzi. Mankhwala a mercury amene okumba golide amagwiritsa ntchito, makamaka akamawaotcha n'kupuma utsi wake, amawononga ubongo ndi mitsempha. Makina obowolera miyala amachititsa dzanzi m'zala chifukwa cha kunjenjemera kwake.

Pitani kuchipatala msanga ngati ululu wabwera limodzi ndi kuwonda, kutentha thupi, thukuta la usiku kapena chifuwa chosatha. Pitani tsiku lomwelo ngati miyendo yafooka, ngati mwachita dzanzi pakati pa miyendo, kapena ngati mukulephera kukodza kapena kugwira mkodzo ndi chimbudzi. Musayambe masewera alionse musanaonane ndi dokotala ngati mumamva kuwawa pachifuwa kapena mumabanika mukangoyenda pang'ono.

Zimene zikutsatirazi ndi za munthu amene wayezedwa kale ndipo matenda amenewa sanapezeke, kapena akulandira kale chithandizo chake.

Belu lolira popanda moto

Aliyense wa ku Mutare amawadziwa matanki a mafuta a ku Feruka, kumene paipi yochokera ku Beira imafikira. Pamalo osungira mafuta ochuluka chotere pamafunika belu lochenjeza za moto. Tsopano tayerekezani kuti belu lotere lafika pomva msanga mopitirira muyeso. Dzuwa likangotentha, likulira. Galimoto ikangodutsa, likulira. Anthu akuthamanga ndi zozimira moto koma moto palibe. Kulira kwa belulo si bodza ayi, aliyense akulimva. Koma vuto lili m'belumo, osati m'thanki.

Ndi mmenenso zimakhalira ndi ululu wokhalitsa mwa anthu ambiri. Uthenga wa ululu umachoka pakhungu kapena m'minofu, n'kudutsa mumtsempha waukulu wa mumsana, n'kukafika ku ubongo. Mu 1965, chaka chimene fakitale yoyenga mafuta ya ku Feruka inayamba kugwira ntchito isanatsekedwe mu 1966, akatswiri awiri, Ronald Melzack ndi Patrick Wall, anafotokoza kuti mumsana muli ngati chipata chimene chimatha kutseguka kwambiri kapena kutsekeka pang'ono, ndipo ubongo umathandiza kuchilamulira. N'chifukwa chake munthu wothawa mwala umene ukugwa samva kuti wavulala mpaka atatuluka kunja. Mu 1983 katswiri wina, Clifford Woolf, amene anabadwira ku Johannesburg, anasonyeza kuti mitsempha ya mumsana ikalandira uthenga wa ululu mobwerezabwereza imasintha, n'kuyamba kukuza uthengawo.

Mu 2002 Richard Gracely ndi anzake ku America anatenga anthu 16 odwala fibromyalgia ndi anthu 16 abwinobwino. Ankawapanikiza chikhadabo cha chala chachikulu uku akujambula ubongo wawo ndi makina. Odwalawo anamva kuwawa atapanikizidwa ndi mphamvu pafupifupi theka chabe la imene inafunika kwa anthu abwinobwino, ndipo zithunzi zinasonyeza kuti mbali za ubongo zomvera ululu zinalidi pa ntchito. Mfundo imeneyi muisunge, ndipo mukaifotokoze kunyumba: munthu wa ululu wokhalitsa sakunamizira.

Tulo nato tili ndi mbali yake. M'zaka za m'ma 1970, Harvey Moldofsky wa ku Toronto ankasokoneza tulo tofa nato ta anthu athanzi pogwiritsa ntchito phokoso. Patangopita masiku ochepa, anthuwo anayamba kumva kuphwanya kwa thupi. Inu amene mumasinthana mashifiti a usiku ndi usana, n'kumagona masana m'chipinda chotentha cha malata wailesi ya mnzanu ikulira, mukudziwa kale zimenezi.

Ngati vuto lili m'belu, ndiye kuti funso ndi lakuti belulo tingalichepetse bwanji mphamvu. Ofufuza ayesa njira ziwiri zimene si za mapiritsi. Ina ndi ya makina, ina ndi ya masewera olimbitsa thupi.

Makina otakasa ubongo

Pali mitundu iwiri imene yafufuzidwa kwambiri, ndipo yonse safuna opaleshoni.

Woyamba umatchedwa TMS, ndipo umagwiritsa ntchito maginito. Unapangidwa mu 1985 ndi Anthony Barker ndi anzake ku Sheffield, ku England. Wodwala amakhala pampando ali maso. Dokotala amaika chipangizo cha waya wokulungidwa pamutu, ndipo chimatulutsa mphamvu ya maginito imene imadutsa fupa la mutu n'kutakasa kachigawo kakang'ono ka ubongo. Chimalira kuti tha tha tha, ndipo munthu amamva ngati wina akumugogoda pamutu ndi chala.

Wachiwiri umatchedwa tDCS. Uwu umagwiritsa ntchito magetsi ochepa kwambiri ochokera mu batire. Amaika timasiponji tiwiri tonyowetsedwa ndi madzi amchere pamutu, ndipo magetsi amayenda kuchoka pa kena kupita pa kanzake. Mphamvu yake imakhala magawo 2 okha mwa magawo 1,000 a ampeya imodzi, ndipo makinawo amailamulira kuti isapitirire. Michael Nitsche ndi Walter Paulus a ku Göttingen, ku Germany, ndi amene anasonyeza mu 2000 kuti magetsi ochepa chonchi amasintha kagwiridwe ntchito ka ubongo kwa kanthawi.

Chodabwitsa n'chakuti pochiza ululu, kawirikawiri makinawa amaikidwa pa mbali ya ubongo imene imayendetsa manja ndi miyendo. Zikuoneka kuti mbali imeneyi ikatakasidwa, imadzutsa njira zimene thupi limachepetsera ululu palokha. Muikumbukire mfundoyi tikafika pa masewera.

Nanga zotsatira zake? Mu 2006 Felipe Fregni ndi anzake anayesa tDCS pa amayi 32 odwala fibromyalgia ku São Paulo, ku Brazil. Ankawaika makinawo mphindi 20 patsiku kwa masiku 5. Ena anaikidwa makina enieni, ena anaikidwa makina ongoyerekezera amene ankazimitsidwa iwo osadziwa. Amene anatakasidwa pa mbali yoyendetsa thupi ija ululu unachepa kuposa anzawo, ndipo kusinthaku kunaonekabe patapita masabata 3. Mu 2007 ofufuza a ku France anayesa TMS pa odwala 30, ndipo nawonso anapeza kuti ululu unachepa kwa kanthawi.

Nkhani zimenezi zinasangalatsa anthu ambiri. Koma taonani chiwerengero cha anthuwo: 32 ndi 30. Ndi anthu osadzaza ngakhale basi imodzi ya ku Harare. Kafukufuku wa anthu ochepa amatha kuonetsa zinthu zabwino mwangozi chabe. Mu 2015 Kerstin Luedtke ndi anzake ku Germany anayesa tDCS pa anthu 135 a msana wosatha, vuto limene ambiri mwa inu muli nalo. Makina enieni sanapose makina ongoyerekezera. Mu 2018 bungwe la Cochrane, limene ntchito yake ndi kusonkhanitsa ndi kuunika kafukufuku wa zaumoyo, linaunika kafukufuku 94 wa makina otere, wokhudza anthu 2,983. Linapeza kuti makinawa akhoza kuchepetsa ululu pang'ono kwa nthawi yochepa, koma umboni wake unali wofooka. Gulu la akatswiri a ku Ulaya linanena mu 2020 kuti TMS imathandiza ndithu pa ululu wobwera chifukwa cha mitsempha yowonongeka, ndipo mwina imathandizanso pa fibromyalgia. Kafukufuku akupitirira, makamaka ku Brazil, ku France ndi ku America.

Maganizo athu ndi akuti makinawa ndi nkhani yoyenera kuidziwa, koma si chinthu choti mugulitsire ng'ombe. Makina a TMS ndi okwera mtengo kwambiri, amafuna katswiri, ndipo munthu amayenera kubwererako kambirimbiri. Si chithandizo chimene mungachiyembekezere pa kiliniki ya pamgodi. Komanso si aliyense amene angaikidwe. Amene ali ndi matenda akugwa, kapena amene ali ndi kachitsulo m'mutu kapena m'diso, monga zimachitikira ena amene anavulala pophulitsa miyala, akhoza kuvulazidwa ndi maginito amenewa.

Chenjezo: musayese kudzipangira makina otere ndi batire ya nyali ya pachipewa, ya galimoto kapena ya sola. Mukhoza kupsa khungu, kukomoka kapena kufa kumene. Chenjeraninso ndi anthu oyendayenda amene amagulitsa timakina tamagetsi kapena amene amati akupimani thupi lonse pongogwiritsa kachitsulo m'manja. Zimenezo si makina amene tikunena pano.

Masewera olimbitsa thupi

Apa umboni ndi wochuluka. Mu 2017 bungwe la madokotala a nyamakazi a ku Ulaya, lotchedwa EULAR, linaunika njira zonse zochizira fibromyalgia, za mapiritsi ndi zosakhala za mapiritsi. Njira imodzi yokha ndi imene analimbikitsa mwamphamvu, ndipo inali masewera olimbitsa thupi. Chaka chomwecho a Cochrane anaunika kafukufuku 13 wa anthu 839 amene ankayenda ndawala, kupalasa njinga ndi masewera ena othamangitsa mtima, ndipo anapeza kuti ambiri moyo wawo wa tsiku ndi tsiku unapepukirapo, ululu unatsikako, ndipo ankatha kugwira ntchito zambiri. Ku Sweden mu 2015, amayi 130 anagawidwa m'magulu awiri. Gulu lina linkanyamula zolemera kawiri pasabata kwa masabata 15, kuyambira pa zopepuka n'kumawonjezera pang'onopang'ono. Gulu limeneli linapeza mphamvu, ndipo ululu unachepa kuposa gulu limene linkangophunzira kupumula. Mu 2021 bungwe la NICE la ku Britain linalangiza masewera kwa anthu a ululu wokhalitsa, ndipo mu 2023 WHO inanenanso zomwezo pa msana wosatha.

Tisakunamizeni. Masewera samaliza ululu wonse. Kwa anthu ambiri amauchepetsa, amakonza tulo, ndipo amabwezera munthu mphamvu yogwirira ntchito. Kwa munthu amene banja lake limadalira msana wake, zimenezi si zazing'ono.

Kodi amagwira ntchito bwanji? Mukamayenda kapena kusuntha minofu, mbali ija ya ubongo yoyendetsa manja ndi miyendo imagwira ntchito, mbali yomweyo imene akatswiri amaitakasa ndi makina. Thupi limatulutsa mankhwala ake achilengedwe ochepetsa ululu. Ubongo umaphunziranso pang'onopang'ono kuti kuwerama kapena kuyenda si koopsa, ndipo belu lija limasiya kulira pa chilichonse. Ofufuza ena anayesa kuphatikiza njira ziwirizi. Ku Brazil mu 2016, Mariana Mendonça ndi anzake anagawa odwala fibromyalgia 45 m'magulu atatu: a makina okha, a masewera okha, ndi a zonse ziwiri. Amene analandira zonse ziwiri ululu unachepa kuposa amene analandira makina okha. Ngakhale kumene makina alipo, masewera sasiyidwa.

"Koma ine ndimagwira kale ntchito yolemetsa"

Funso limeneli ndi loona, ndipo ndi limene ambiri a inu mukulifunsa mumtima. Munthu amene amakankha wilibala ya miyala tsiku lonse, kapena amatuluka m'dzenje ndi thumba pamsana, angauzidwe bwanji kuti achite masewera?

Akatswiri a zaumoyo wa pantchito, makamaka Andreas Holtermann ndi anzake ku Denmark, aona kuti ntchito yolemetsa ya tsiku lonse sipereka phindu lofanana ndi la masewera. Zifukwa zake n'zomveka. Pantchito mumagwiritsa ntchito minofu yomweyomweyo kwa maola ambiri, nthawi zambiri mutawerama kapena mutapindika m'malo opanikiza. Simusankha nokha kulemera kwa katundu kapena nthawi yopuma. Mawa lake mumabwereza thupi lisanabwerere m'malo. Pamakhalanso mantha a ngozi ndi nkhawa ya malipiro. Masewera ndi osiyana. Amatenga nthawi yochepa, mumayeza nokha, mumasuntha ziwalo zimene ntchito imazisiya zitauma, ndipo mumapuma mukamaliza.

Choncho pali magulu awiri a owerenga. Amene muli pantchito, chimene mukufunika kwambiri ndi kuwongola thupi, kulimbitsa minofu ya m'chiuno, ya pamimba ndi ya m'mapewa, kuyenda momasuka popanda katundu pa tsiku lopuma, ndi kugona mokwanira. Amene munasiya ntchito chifukwa cha ululu ndipo mumangokhala pakhonde, vuto lanu ndi lina. Minofu yafooka, ndipo mantha akula. Inu muyenera kuyambira pansi penipeni.

Kayambidwe kake

Cholakwa chachikulu ndi kuyamba ndi mphamvu. Anthu a fibromyalgia akachita masewera olemetsa tsiku loyamba, ululu umakula, ndipo amasiya n'kunena kuti masewera ndi oipa. Cholakwa china ndi ichi: tsiku limene mwadzuka bwino mumalima munda wonse, kenako mumagona masiku 3. Njira yabwino ndi kuchita zochepa zofanana tsiku lililonse, kaya mwadzuka bwino kaya ayi.

Tiyerekeze bambo wa zaka 50 amene anasiya ntchito ya mumgodi ku Penhalonga ndipo akukhala kwa mwana wake cha ku Feruka. Akayenda mphindi 10 msana ndi miyendo zimayaka moto. Bamboyu asayambe ndi mphindi 10. Ayambe ndi mphindi 6 kapena 7, m'mawa kusanatenthe, pamalo athyathyathya, kutali ndi msewu wa matanka a mafuta. Achite zimenezi sabata yonse. Sabata yotsatira awonjezere mphindi 1 kapena 2. Akapitiriza chonchi, pakatha miyezi 3 akhoza kufika pa mphindi 20 kapena 30. Liwiro loyenera ndi limene munthu akupuma mwamsanga pang'ono koma akutha kucheza ndi mnzake.

Kawiri kapena katatu pasabata awonjezere zolimbitsa minofu. Sipafunika zitsulo za mtengo wapatali. Akhale pampando n'kuimirira osagwira kanthu, maulendo 5. Aime moyang'ana khoma, aike manja pakhomapo, n'kumadzikankha pang'onopang'ono. Agone chagada atapinda mawondo, n'kukweza chiuno m'mwamba. Anyamule botolo la madzi la malita 2 kuchoka m'chiuno kufika paphewa. Zikayamba kupepuka, awonjezere maulendo, ndipo pambuyo pake awonjezere kulemera. Amayi angachite chimodzimodzi. Njinga, kuvina kutchalitchi kapena kubwalo, ndi kuyenda pagulu zonse zimawerengedwa. Masewera abwino ndi amene mungawapitirize.

Kodi ululu ukakula mutani? Kuwawa kowonjezereka pang'ono pochita masewera kapena mawa lake n'kwachibadwa, ndipo sikutanthauza kuti mwavulala. Kukapitirira tsiku lathunthu, ndiye kuti munapyola muyeso. Bwererani pa mphindi za sabata yatha, koma musasiye. Siyani n'kupita kuchipatala ngati mwamva kuwawa pachifuwa, chizungulire, kubanika koopsa kapena kufooka kwa mwendo kumene kunalibe.

Musayembekezere kusintha m'sabata yoyamba. Kafukufuku wambiri ankatenga masabata 6 mpaka miyezi ingapo. Kawirikawiri chimene chimayamba kusintha ndi tulo, kenako mphamvu, ndipo ululu umabwera pambuyo. Mukasiya masewera, phindu lake limazilala pang'onopang'ono. Pezani mnzanu woyenda naye, chifukwa munthu sajomba msanga akadziwa kuti wina akumudikira pampata.

Kambiranani pagulu lanu: kodi ndi nthawi iti ya tsiku imene munthu wa shifiti ya usiku angapeze mphindi 10? Nanga ndi malo ati apafupi amene amayi angayendeko mosaopa?

Nanga mapiritsi, lamba ndi mowa?

Ambiri mumagula brufen kapena diclofenac pamsika n'kumamwa tsiku lililonse musanalowe mumgodi. Mankhwalawa amathandiza pa kuvulala kwatsopano ndi pa kutupa, kwa masiku ochepa. Pa fibromyalgia sathandiza kwenikweni. Mukawamwa miyezi yambiri amayambitsa zilonda za m'mimba ndipo amawononga impso, makamaka kwa munthu amene amatuluka thukuta lambiri osamwa madzi okwanira. Tramadol, codeine ndi mankhwala a chifuwa amene achinyamata amawatcha bronco amazoloweretsa thupi, ndipo pakapita nthawi amatha kukulitsa ululu womwewo. NICE ndi WHO onse salimbikitsa mankhwala a gulu limeneli pa ululu wotere. Mowa umagonetsa msanga koma umawononga tulo tofa nato tija. Ndipo munthu woledzera kapena wosinza ndi mapiritsi amaika moyo wake ndi wa anzake pangozi pansi pa nthaka.

Dokotala akhoza kukupatsani amitriptyline wochepa womwa usiku. Papaketi pakhoza kulembedwa kuti ndi mankhwala a matenda a nkhawa. Musakhumudwe, sakunena kuti mwapenga. Pa mlingo wochepa mankhwalawa amathandiza tulo ndipo amachepetsa ululu mwa anthu ena. Amaumitsa kukamwa ndipo amabweretsa tulo, choncho muuzeni dokotala ngati mumayendetsa makina kapena mumagwira ntchito usiku.

Za lamba wa msana, amene ambiri amamangira m'chiuno tsiku lonse: malangizo a WHO a 2023 salimbikitsa malamba otere pa msana wosatha.

Nkhawa nayo imakweza belu lija. Ngongole, mapepala okhalira m'dziko, ana amene ali kumudzi, maliro amene simunapiteko chifukwa chosowa ndalama ya basi, zonsezi thupi limazimva. Anzathu a Chishona amati kufungisisa, kutanthauza kuganiza mopitirira. Ku Mbare mumzinda wa Harare, Dr Dixon Chibanda anayambitsa ntchito ya Friendship Bench, imene agogo ophunzitsidwa amakhala pabenchi pa kiliniki n'kumamvetsera mavuto a anthu ndi kuwathandiza kupeza njira. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2016 anasonyeza kuti njirayi imachepetsa nkhawa. Funsani pa kiliniki yanu ngati pali aphungu otere. Kulankhula ndi abusa, ashehe kapena mkulu amene mumamukhulupirira kumathandizanso, bola musasiye chithandizo cha kuchipatala.

Kumene mungapite

Yambani pa kiliniki ya pamgodi kapena ya khonsolo imene ili pafupi nanu. Pemphani kuti akuyezeni TB, HIV, shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Ngati ululu wapitirira miyezi 3, pemphani kalata yokaonana ndi a mafizo, amene amaphunzitsa masewera oyenera thupi la munthu aliyense. Ku Mutare chipatala chachikulu cha chigawo ndi Victoria Chitepo Provincial Hospital. Ngati munalembedwa ntchito mwalamulo ndipo ululu unayamba ndi ngozi ya pantchito, ngoziyo iyenera kulembedwa ndi kutumizidwa ku bungwe la NSSA, limene limaona za chipukutamisozi cha ovulala pantchito ndipo lili ndi malo othandizira ovulala ku Bulawayo. Musachedwe kunena za ngozi, ngakhale ioneke yaing'ono.

Popita kuchipatala tengani kabuku kanu ka kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa, kuphatikizapo ogula pamsika ndi azitsamba. Nenani zaka zimene mwagwira mumgodi, ntchito imene munkagwira, ndiponso ngati munagwiritsapo ntchito mercury. Ngati Chishona kapena Chingerezi chimakuvutani, pitani ndi wachibale wokumasulirani. Jambulani chithunzi cha munthu papepala n'kuika chizindikiro pamalo onse amene amapweteka, ndipo kumbuyo kwake muzilemba mphindi zimene mwayenda tsiku lililonse ndi mmene munagonera. Pepalalo mukalionetse kwa namwino kapena kwa a mafizo pa ulendo wotsatira.